Anjira Anga Anadzera Kuseri

Mayi uja munamumva pa wailesi ndine. Uja wobereka mwamuna wake kumsana ngati khanda, amene apulofesa a zaunamwino amamutchula akamaphunzitsa anamwino atsopano. Dzina langa sanalitchule, ndipo mpaka lero akakamira pomwepo, akuti dzina sanatchule. Chabwino, nanenso lawo sinditchula. Tione ngati anthu a ku Domasi alephere kuwadziwa.

Apulofesawo anali anjira anga. Tinakulira limodzi ku Malemia kuno, tinkasamba dziwe limodzi mumtsinje wa Domasi, ndipo ku pulayimale ya pa Mishoni tinkakhala desiki imodzi, ine kuwagawira chinangwa, iwo kundionetsa masamu. Mutu unali wawo, ndisaname. Iwo anapitirira mpaka kukaphunzira unamwino, ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi n'kugula makina osokera. Nditabereka mwana woyamba, anatuma mayi awo kwathu ndi nkhuku, chitenje ndi mbale yatsopano, kudzapempha chinjira. Kwathu kuno chinjira si macheza a pa mjigo. Makolo amadziwitsidwa, amuna amadziwitsidwa, ndipo kuyambira tsikulo mayina amatha, mumangoitanana kuti anjira. Pa ukwati ndi pa maliro, anjira ako ndiwo oyamba kufika ndi omaliza kuchoka. Pakhomo pako sachita odi. Amalowera khomo lililonse, amavundukula mphika uliwonse, ndipo chimene aona amapita nacho kumanda.

Zaka zikupita, anjira anga anakwera. Anachoka m'mawodi n'kuyamba kuphunzitsa, kenako anakwera ndege, anabwerako ndi digiri, anakweranso ina. Kafukufuku wawo anali wa anthu osamalira odwala kunyumba, makamaka akazi a m'midzi. Ankalemba mapepala m'Chingerezi cholimba, ndipo mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, akabwera ankandionetsa pa foni: ili lasindikizidwa kunja, ili akatswiri ena alitchula m'zolemba zawo, apa akulankhula pa msonkhano atavala mkanjo. Zambiri sindinkazimva, koma ndinkanyada mpaka kunyanya. Pa chigayo cha pa Naisi anthu anatopa nane. Wina akangoti mutu ukundiwawa, ine ndinali nditayamba kale kuti anjira anga apulofesa amati chakutichakuti. Nawonso sanandiiwale. Akabwera ankaimika galimoto pansi pa mango, n'kuvula nsapato, n'kukhala pa mkeka kumasenda chinangwa ngati kale.

Tsopano ndinene za amuna anga. Anali mphunzitsi wamkulu, ndipo atapuma ntchito anapitiriza kutsogolera kwaya kutchalitchi. Anali munthu wa tayi ndi nsapato zopolicha. Shati yopitira kudimba ankafuna isitidwe. Nkhuku zikalowa m'nyumba ankazilankhula ngati ana ochedwa pa asembule. Zaka zonse za banja lathu sanandigwirepo dzanja pamsewu, ndipo popita kutchalitchi ankayenda patsogolo, ine m'mbuyo ndi mabuku a nyimbo. Sikuti analibe chikondi. Ankangokhulupirira kuti munthu amene anthu amamuimirira akamalowa sayenera kuoneka wofewa.

Sitiroko inawagwira m'mawa wina akuchokera kudimba. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu anabwerera pang'onopang'ono, amodziamodzi, ngati madzi a pa mpopi wa m'chilimwe. Titatuluka m'chipatala, chiganizo choyamba chimene anakwanitsa kuchimaliza chinali chakuti, "Mayi, anthu asandione chonchi." Ndinalonjeza.

Ndipo lonjezolo ndinalisunga. Alendo akati abwera, ndinkawameta ndevu, kuwaveka shati ndi tayi, kuwakhazika pa mpando wa pa windo ndi bulangeti pamiyendo. Akulu a mpingo ankatuluka akunena kuti aphunzitsi akuoneka bwino. Vuto linali chimbudzi. Chathu chili kuseri, kumunsi kwa nthochi, ndipo njira yake ndi yotsetsereka. Ndinabweretsa chidebe m'chipinda, iwo anachiyang'ana n'kunena kuti, "Sindine mkaidi." Anayamba kukana chakudya ndi madzi kuti asavutike. Ndinaona kuti munthuyu andifera m'manja chifukwa cha chidebe.

Ndinatenga zitenje ziwiri n'kuzisoka pamodzi, m'mphepete ndinapinda kawiri n'kudutsa ulusi wolimba wosokera mayunifolomu. Mpanda wa udzu wa kuseri ndinauwonjezera kutalika mpaka ngakhale wokwera njinga asaone mkati. Kenako ndinagwada chofulatira bedi n'kunena kuti, "Bambo, kwerani." Anali ataonda kwambiri, ndipo ine ndine mkazi wa mafupa, ndinakulira kusenza mitolo ya nkhuni kuchokera kuphiri. Ulendo woyamba analira. Misozi inkatsikira m'khosi mwanga, ine osatembenuka, ndinangoyang'ana pansi pamene ndikuponda.

Koma patapita masabata kunachitika chinthu chimene sindinachiyembekezere. Tsiku lina tikutsika, ndinamva kunjenjemera pamsana panga, ndinaganiza kuti ayambanso kulira. Ayi, ankaimba. Mawu olankhula ankawavuta, koma besi yawo ija ya kukwaya inali ikadalipo, yonse, ndipo inkadutsa m'nthiti zanga ngati ndikuimba ndine. Ndinati, "Kwaya yake iti imeneyi, bambo? Mukundilemera." Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa n'kupitiriza. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse unali ndi nyimbo yake. Nthawi zina ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuti timalize vesi. Mwamuna amene sanandigwirepo dzanja pamsewu tsopano ankatsamiza tsaya lake pa phewa langa. Ndinene poyera: m'banja langa lonse, masiku abwino kuposa onse anali amenewo, pa njira ya kuchimbudzi.

Anjira anga anatipeza pamenepo. Anali atangobwera kuchokera kunja, anamva za matendawo, ndipo anaimika galimoto kumsewu n'kudzera pa kachipata ka kuseri monga ankachitira nthawi zonse. Ife tinali pakati pa nthochi, nyimbo ili mkati. Amuna anga atawaona anadula nyimbo n'kubisa nkhope m'khosi mwanga. Anjira angawo ndiwayamikire pamene ayenera kuyamikiridwa: sanafuule, sanagwire pakamwa. Anangotsogola n'kutitsekulira chitseko cha chimbudzi, kenako anafulatira. Titabwerera m'nyumba anasamba m'manja, anayang'ana msana wa odwala ngati pali zilonda, anandionetsa mopindira maondo ponyamula kuti ndisathyoke chiuno.

Tili pakhonde awiri, ndinati, "Anjira, zimene mwaonazi zithere pompano. Abambowa ndinawalonjeza."

"Anjira, zimenezo n'zouza ine?" anandiyankha, ngati ndawanyoza.

Nsalu ija inali pa miyendo pawo, ankaitembenuza, kuyang'ana msoko, kuikoka kuti aone kulimba kwake. Ine ndinasangalala, ndinaganiza kuti akusirira kasokedwe. Ndinkadziwa mmene amachitira kafukufuku wawo. Ankapita m'midzi ndi ophunzira awo, kufotokozera anthu, kuwapempha chilolezo asanawafunse kanthu. Kwathu sanabwere ndi wophunzira, sanapemphe kanthu, anamwa tiyi n'kupita.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso ina. Amuna anga ankakhalira wailesi masana onse, inali pa kampando pafupi ndi dzanja lawo lamoyo. Tsiku lina ndinali pa makina m'chipinda chochezera, chitseko chapakati chili chotsekula, ndipo ndinamva mawu amene ndikhoza kuwazindikira ngakhale pakati pa msika. Ndinasiya kupalasa n'kufuula kuti, "Bambo, kwezani, ndi anjira anga amenewo!" Anakweza. Chimenechi chimandipwetekabe, kuti ndinawauza ndine kuti akweze.

Inali pulogalamu ya zaumoyo. Anjira anga anafotokoza bwino kwambiri za kafukufuku wawo, kuti odwala ambiri akatuluka m'chipatala amagwera m'manja mwa akazi amene palibe anawaphunzitsa, kuti zolemba zawo zafika kutali, kuti masukulu a anamwino ayamba kuphunzitsa zoyendera odwala m'makomo. Ine mtima uli m'mwamba. Kenako wofunsa anati, pa zonse zimene mwaona, chinakukhudzani kwambiri n'chiyani? Anjira anga ananena kuti sangatchule mayina. Anati pali mphunzitsi wamkulu wina wopuma, amene kale ankatsogolera kwaya pa mishoni ina yakale m'munsi mwa phiri la Zomba. Anati mkazi wake ndi telala, ndipo anasoka zitenje ziwiri zimene amamuberekera popita naye kuchimbudzi. Anati bamboyo amaimba ali kumsana.

M'munsi mwa phiri la Zomba muli aphunzitsi aakulu angati opuma, otsogolera kwaya, okwatira telala? Kunali bwino akanangotchula dzina, mwina wina akanaganiza kuti ndi dzina lofanana.

Wailesi inazima. Ndinalowa m'chipindamo. Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali, ndi diso lija ankayang'anira mwana wonama.

"Munanena," anatero.

"Sindinanene, bambo. Anaona okha tsiku lija. Ndinawaletsa."

"Chitseko," anatero, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Madzulo ake nditabwera ndi nsalu, sanasunthe. Ananena liwu limodzi lokha, lomveka bwino ngati pakamwa sipanapotoke: "Chidebe."

M'mawa mwake anthu anayamba kufika. Amayi a Mvano anabwera ndi sopo ndi shuga, ena akulira asanakhale n'komwe pansi. Amuna amene anali ana awo a sukulu, ena a imvi kale, anabwera kudzaima pakhomo atagwira zipewa. Mkulu wina wa mpingo anawagwira dzanja n'kunena mokweza, ngati akulankhula ndi gonthi, kuti, "Aphunzitsi, musachite manyazi, dziko lonse lakumverani chisoni." Palibe anabwera ndi mtima woipa, ndipo chimenecho ndiye chinali chopweteka, chifukwa wachifundo sungamuthamangitse. Maso awo onse ankathamangira pa bulangeti lija la pamiyendo, kenako pamsana panga. Pa Naisi azibambo anayamba kuseka akazi awo kuti, "Iwe sungandibereke ngati aja a telala?" Ndinasiya kupita kuchigayo, ndinkangotuma anthu.

Mwana wanga atabwera kuchokera ku Blantyre anafufuza pa foni n'kupeza pepala limene anjira anga analemba za ife. Linali litatuluka kalekale, wailesi inangobwera pomaliza. Anandimasulira pang'onopang'ono. M'pepalamo ine apulofesa anandipatsa nambala m'malo mwa dzina. Munali mpanda wanga, nthochi zanga, chithunzi chojambula pamanja cha nsalu ija ndi msoko wake. Mwanayo anati mwa mapepala onse a apulofesa, limene akatswiri ena amalitchula kwambiri ndi limeneli. Tsono anthu a m'mayiko amene sindingathe ngakhale kuwatchula anali atadziwa kale mmene amuna anga amapitira kuchimbudzi, ine ndikumetabe ndevu ndi kumanga tayi kuti a pa Mishoni asadziwe. Za msoko sindinadandaule, autenge, ndi ulusi chabe. Chimene ndinkafuna ine chinali chimodzi, kuti munthu wanga abwerere kumsana kwanga.

Anjira anga anabwera patatha sabata zingapo, mwana wanga atawaimbira foni. Ulendo uno anadzera kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire chinjira chathu ndinamva akuti, "Odi." M'galimoto munali chikuku chatsopano cha odwala, chikadali m'pepala lake.

"Anjira, dzina sindinatchule," anayamba choncho, asanakhale.

"Munatchula kwaya, mishoni, phiri ndi makina anga. Chinatsala n'chiyani, nambala ya nsapato?"

"Mundimvetse. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba za akazi amene akuthyoka misana m'midzimu, akuluakulu osamva. Nditafotokoza za inu ndi pamene anatchera khutu. Lero anamwino akuyendera odwala m'makomo. Pali akazi ambiri amene athandizidwa chifukwa cha inu."

Sananame. Ine ndi maso angawa ndamuona namwino pa njinga akulowa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje kukaona gogo wina wofa ziwalo, zimene kale kunalibe. Bwenzi zili zopepuka akanakhala kuti ananama.

"Bwanji simunandifunse?" ndinatero.

Anayang'ana pansi. "Mukanakana."

"Eya, ndikanakana. Ndiye munadziwa."

Ndinati kupepesa kwawo sindikukufuna, chikuku chawo sindikuchifuna, alowe akawauze abambo ndi pakamwa pawo kuti ine sindinanene kanthu. Analowa, apulofesa athunthu, anagwada pa simenti pafupi ndi chidebe chija, ndipo ananena zonse mosabisa, kuti anaona okha, kuti ndinawaletsa, kuti analemba ine osadziwa. Amuna anga anamvetsera nkhope ili kukhoma. Pomaliza anati, "Ndamva." Anjira anga anatuluka akupukuta m'maso, anasiya chikuku pakhonde. Chinakhala pomwepo mpaka nkhuku inayamba kuikiramo mazira.

Dzuwa litapendeka tsiku lomwelo, ndinatenga nsalu ija. Mtima unkandiuza kuti tsopano adziwa choonadi, zatha. Ndinagwada chofulatira bedi monga kale n'kunena kuti, "Bambo, kwerani." Ndinadikira. Ndinamva dzanja lawo lamoyo likufika pa phewa langa, lofunda, ndipo linakhala pamenepo kanthawi ndithu. Ndinayamba kukonza nsalu. Kenako dzanjalo linandikankha pang'ono, mwaulemu.

"Akutiona, mayi," anatero.

"Kulibe munthu, bambo. Mpanda uli bwinobwino, chipata ndamanga ndi waya."

"Onse," anatero. "Akutiona."

Ndinayesanso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka ndinasiya chifukwa ndinaona kuti ndikuwazunza. Sanandikwiyirenso. Ankadya ndikawapatsa, ankathokoza ndikawasambitsa. Koma tayi anakana, mpando wa pa windo anakana, wailesi anati ndipatse mwana. Munthu amene ananena kuti si mkaidi anakhala m'chipinda chimenecho ndi chidebe mpaka nyengo yozizira yotsatira, pamene chibayo chinawatenga.

Pa maliro anjira anga anafika oyamba, ndi ufa ndi nkhuni, monga mwambo ufunira. Sindinawathamangitse, pa maliro sathamangitsa munthu. Anakhala pambali panga pa mkeka masiku onse, anandimwetsa madzi, anandigwira pamene bokosi linkatuluka. Kwaya imene amuna anga anaiphunzitsa inaimba bwino, koma besi inali yopyapyala. Pa tsiku lobalalika anabwera kudzatsanzika, anati, "Anjira, ndikupita." Ndinati, "Muyende bwino, apulofesa." Anaima ngati ndawamenya mbama. Amayi amene anali pafupi anamva, ndipo palibe anafunsa kanthu, chifukwa onse anadziwa kuti chinjira chathera pamenepo.

Iwo akukwerabe. Ndamva kuti ophunzira awo nawonso tsopano ndi aphunzitsi, ndipo ena akulemba mapepala awo potengera lija. Mwana wanga anasiya kundionetsa pa foni.

Mwezi watha ndinapita kuchipatala chaching'ono kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Monga mwa masiku onse, asanayambe kuona odwala, namwino anaima kutsogolo kwa mabenchi kuti atiphunzitse. Anali mtsikana wamng'ono, wochokera kwina, waukhondo, wa mawu okoma. Anatulutsa m'chikwama zitenje ziwiri zosokedwa pamodzi, zopindidwa kawiri m'mphepete, n'kutionetsa monyamulira wodwala. Msoko wake unali wokhota, koma ndinadziletsa. Kenako anati nsaluyi ili ndi mbiri, anawaphunzitsa kusukulu. Anafotokoza za mayi wina wa telala ndi mwamuna wake wa kwaya. Amayi a pa benchi langa anayamba kuyang'ana pansi, wina anandigwira chitenje kuti ndikhale chete. Mtsikanayo sanaone kanthu. Anamaliza mosangalala kuti, "Ndipo bamboyo ankaimba ali kumsana kwa mkazi wake mpaka tsiku limene anamwalira."

Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Anandiloza akumwetulira.

Ndinati, "Mwanangu, waphunzitsa bwino. Koma ukawaona aphunzitsi ako ukawauze kuti akonze pomalizapo. Bamboyo anamva nkhani yake pa wailesi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso."